Atsibweni a Lazalo ndi Chiphaso cha Mlongo Wawo

Atsibweni anga a Lazalo anamwalira mwezi wathawu, anthu ali pakalikiliki kukumba mtedza. Sanadwale nthawi yaitali. Chifuwa chinawagwira, tinathamangira nawo ku chipatala ku boma, ndipo tinabwerako nawo ali m'bokosi. Pa maliro panadzaza anthu mpaka ena kukakhala m'mizere ya m'munda. Ambiri anachokera kutsidya, ku Zambia, poti mudzi wathu kuno kwa Zulu uli m'malire penipeni. Ukangodumpha kamtsinje ka kumadzuloko, foni imayamba kukulandira m'dziko la eni.

Mkulu wa mpingo ataimirira kunena mbiri yawo, anati a Lazalo anali munthu amene sananamizirepo mnzake. Khamu linavomera. Ine ndinaweramitsa mutu n'kumayang'ana nyerere pansi. Sikuti mkuluyo ananama dala, iye wabwera m'dera lino posachedwapa. Koma ife apabanja nkhope zinatitentha, ndipo manyazi amenewo sanandichokebe. Ndinkawakonda atsibweni, n'chifukwa chake sindikufuna kuti akumbukiridwe ndi mbiri yoperewera.

Iwo anali oyamba kubadwa m'mimba mwa agogo anga. Kenako kunabwera amayi aakulu, a Nambewe, ndipo omaliza anali mayi anga, amene anatisiya kalekale. Motero atsibweni ndiwo anali mwini mbumba, woyang'anira alongo awo ndi ana awo, maukwati athu, milandu yathu ndi minda ya agogo. Anali munthu wouma thupi, wa mawu okhakhala, woyenda pa njinga yopanda mabuleki imene ankaiimitsa ndi chidendene. Fodya ankalima koma sankasuta. M'thumba la jekete mwawo simunkasowa mtedza wokazinga, ndipo akamamvetsera mlandu ankatafuna kamodzikamodzi, mosapupuluma. Ukaona asiya kutafuna n'kukuyang'ana, unkadziwa kuti bodza lako lagwidwa.

Kwa zaka zambiri anali mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda. Bango loyezera mtembo ankadula okha, ndipo dzenje likapotoka pang'ono ankalamula kuti likonzedwe, dzuwa liswe mtengo kaya mvula igwe. Ntchito imeneyi ndiyo inawapatsa muyezo wawo wodziwira anthu. Kwa iwo munthu wa kuno anali amene wagwirapo khasu kumanda kwathu, kapena wagonapo pa siwa, kapena watungirapo madzi anamfedwa. Zina zonse ankaziyesa zamapepala.

Analinso ndi nkhani imodzi imene tonse tinaimva mpaka kutopa nayo. Pa mwendo wawo wakumanzere, pansi pa bondo, panali chipsera chachitali. Akakhuta ankakweza buluku n'kutionetsa. Ankati tsiku limene a Nambewe anabadwa kunagwa chimvula, iwo anatumidwa kukaitana mzamba, ndipo pothamanga anagwera pa chitsa chakuthwa. Chipseracho ankachitchula kuti cha Nambewe, ndipo ankaseka kuti mlongo wawoyo anayamba kuwavutitsa asanaone n'komwe dzuwa.

Kale, zisanabwere ziphaso za unzika zapulasitikizi, kalembera wa mavoti ankalola mboni. Wopanda chikalata chilichonse ankabwera ndi munthu wodziwika kudzanena kuti uyu ndi wathu. Imeneyo inali nyengo ya atsibweni. Ankavala jekete la ku tchalitchi n'kukakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango pa sukulu, tsiku lonse, popanda wowalipira. Mlembi akangofunsa ngati akumudziwa munthu, iwo ankayambira kwa agogo ake a munthuyo, kumene anagona, amene anawasemera bokosi, mpaka mlembi kuwapempha kuti angoti inde basi. Ndisabise, ankachitiranso umboni ena a kutsidya, amene maliro athu sankawaphonya. Wina akawachenjeza kuti kumeneko n'kuphwanya lamulo, ankayankha kuti malire sananyamulepo bokosi la munthu, onyamula ndi anthu omwewa.

Chaka china kunabwera a Bonifesi, mwana wa m'mudzi momwemuno amene ankagwira ntchito ku Lilongwe. Anabwera pa galimoto kudzalembetsa kwawo, poti maso awo anali pa ukhansala. Pofuna kuonetsa kuti ndi munthu wa anthu, anapita pa benchi paja n'kugwira atsibweni dzanja ndi manja awiri.

"Madala, auzeni awa kuti ndine mwana wanu."

Atsibweni anawayang'ana kuyambira ku nsapato. "Nkhopeyi ndikuidziwa. Koma khasu lanu sindinalionepo kumanda."

"Aa, madala, ntchito. Pajatu pa maliro a azakhali ndinatumiza uthenga wachipepeso."

"Uthengawo unafika. Koma sunakumbe."

A Bonifesi analembetsa ndithu ndi laisensi yawo yoyendetsera galimoto, koma mudzi unaseka mpaka kukolola. Ife ana a mbumba tinkayenda modzitukumula, kuti atsibweni athu sagulidwa ndi galimoto.

Lamulo litasintha, kuti wolembetsa mavoti aliyense azionetsa chiphaso cha unzika basi, atsibweni anakwiya ngati awalanda munda. Ankakalipira wailesi. Ankati kakhadi sikadziwa munthu, kamangodziwa nkhope, ndipo nkhope ngakhale mbala ili nayo. Ankafunsa kuti nanga nkhalamba imene khadi lake lapsera m'nyumba, kapena lasochera ku boma, yasiya kukhala munthu? Zimenezi ankanena kulikonse, pa chigayo, pa msika, ngakhale pa khomo la tchalitchi.

N'chifukwa chake anthu anadabwa ndi zimene ananena m'zaka zawo zomaliza. Tsiku lina tinali pa msika, pa mthunzi wa wokonza njinga, wailesi ikukamba za mkangano womwewu wosatha. Ena mu wailesimo ankati lamulo likonzedwe, mboni ndi zikalata zina zibwerere, chifukwa khadi lokha likutsekera kunja amphawi ndi okalamba. Ena ankati mukatsegula khomo limenelo, m'maboma a m'malire ngati lathu lino mudzavota alendo ndi akufa omwe. Pa mthunzipo anthu anagawikana. A Saidi a golosale, amene ankakonda kuputa atsibweni, anatulukira pa khonde lawo.

"A Lazalo, inu ndinu mboni yathu yakale. Tauzani anyamatawa kuti kale zinkayenda bwino."

Atsibweni anati, "Alisiye momwemo khadilo. Mboni ndi munthu, a Saidi. Ili ndi mimba, ili ndi ana, ili ndi dimba."

Anthu anaseka poyesa kuti ndi nthabwala za ukalamba. Iwo anatenga njinga yawo isanathe kukonzedwa n'kumaikankha kulowera kumudzi. Ine sindinaseke, chifukwa dimba limene ankanenalo ndinkalidziwa.

Amayi aakulu a Nambewe anakwatiwa kutsidya ali mtsikana, ine ndisanabadwe. Mwamuna wawo anawatenga chitengwa, ndipo anakhala kumeneko moyo wawo wonse, kubwera kuno pa maliro ndi pa zinkhoswe. Mwamunayo atamwalira, abale ake anawasudzula monga mwa mwambo, iwo n'kubwerera kwawo ndi kamtolo ka zovala, mapoto ndi mbuzi imodzi. Anabwera atakalamba, lilime litapindika, akulankhula chinyanja cha kutsidya chija cha "nifuna" ndi "manje". Ana a m'mudzi ankawatcha agogo a ku Zambia.

Kwathu kuno munda umayenda ndi akazi. Dimba la agogo la kudambo, lokhala ndi chitsime chosaphwa ngakhale m'chilimwe, linali loyenera kugwera a Nambewe. Koma zaka zonse zimene iwo anali kutsidya, atsibweni ndiwo ankalilima, ndipo pambuyo pake analipereka kwa mwana wawo wamwamuna, amene mwa mwambo alibe gawo m'nthaka ya mbumba yathu. Mwanayo anali atadzalamo nzimbe ndi tomato, n'kugula pampu yopalasa. A Nambewe atapumula miyezi ingapo anapita kwa achimwene awo, anagwada, n'kupempha dimba la mayi awo. Atsibweni anati adikire tomato apse. Tomato anapsa, anadzalidwa ena, nawonso anapsa.

Nkhani ili pomwepo, kunabwera alembi a ziphaso za unzika pa sukulu paja, ndi makina awo ojambulira nkhope ndi zala. A Nambewe anadzuka m'mamawa n'kuvala chitenje chatsopano. Ndinawaperekeza, ndipo anandiuza panjira kuti chibadwire sanavotepo. Kutsidya ankawatcha Mmalawi, ndipo iwo sanalimbane nazo, ankati adzavotera kwawo. Chimene ankafuna n'chakuti boma liwalembe kuti ndi a kuno, adzaponye voti kamodzi kokha asanafe.

Mlembi anali mtsikana waulemu. Atamva kalankhulidwe ka a Nambewe anaima kaye.

"Agogo, kwanu kwenikweni n'kuti?"

"Ine nine wa kuno, mwanangu. Ninabadwira pa mudzi uno."

"Muli ndi pepala lililonse? La ubatizo, la sikelo, chilichonse?"

Analibe. Mlembiyo anafotokoza mofatsa kuti kuno n'kumalire, anawalangiza kusamala, ndipo pakufunika munthu wamkulu wodziwa za kubadwa kwawo. Ine ndinaimirira n'kunena kuti awa ndi akulu awo a mayi anga. Anandifunsa ngati ndinalipo pamene ankabadwa, anthu n'kuseka, inenso n'kukhala pansi. Amfumu athu anali atangolowa kumene ufumu, aang'ono kwa ine, ndipo anati adinda chidindo mwini mbumba akalankhula. Palibe amene anada nkhawa. Mwini mbumba anali pomwepo pa benchi yake, jekete la ku tchalitchi lili m'thupi.

"Agogo, mayi awa mukuwadziwa?" anafunsa mlembi.

"Ndimawaona."

"Akuti ndi mlongo wanu. Anabadwira m'mudzi muno?"

Atsibweni anapisa m'thumba, anatulutsa mtedza, anauyang'ana, n'kuubwezera momwemo. "Mwanawe, zaka zapita zambiri. Mayi athu anali munthu woyendayenda, kutsidyaku ankapitako kawirikawiri. Kumene anachirira mwana ameneyu, ine sindingalumbire."

A Nambewe sanakuwe, sanalire. Anasendera pafupi ndi benchi n'kulankhula motsitsa, koma tonse tinamva.

"Achimwene, kwezani buluku. Mwana uyu aone mwendo wanu."

Atsibweni anayang'ana kumbali, ku bwalo la mpira. Manja awo anali atagwira mawondo onse awiri, molimba, ngati kuti wina awakweza bulukulo mokakamiza. Mlembi sanamvetse za mwendozo. Anapepesa, n'kunena kuti nkhani ya agogowa iyenera kukaonedwa ku boma, abwere ndi mbale wawo wamkulu akakumbukira. Kenako anaitana wotsatira.

Ndinayenda nawo amayi aakulu kubwerera kunyumba, ndipo njira yonse sindinathe kuwayang'ana kumaso. Manyazi anandigwira ngati kuti wakana ndi ine. Amenewa anali atsibweni omwe aja amene anachitira umboni anthu a kutsidya enieni chifukwa chongotunga madzi pa maliro. Maganizo awo ndinawadziwa bwino: ankaopa kuti boma likalemba a Nambewe kuti ndi a m'mudzi muno, nkhani ya dimba ikapita ku bwalo iwo alibe poimira. Akuluakulu ena amene akanatha kunena zoona analipo awiri kapena atatu, koma anati sangadumphe mwini mbumba pa nkhani ya mlongo wake.

Ndinapita kwa atsibweniwo kangapo. Ndinati atsibweni, ku boma si kutali, ndikukwezani pa njinga yamoto, mukangonena mawu amodzi basi. Ankandiyankha kuti zinadutsa zimenezo, ndisamadzutse nkhani zogona. Tsiku lina anandikalipira kuti kodi mbumba ino ayamba kuilamula ana. Koma ndinaona kuti kuyambira tsiku la pa sukulu lija sanakwezenso buluku pamaso pathu, ndipo kukatentha bwanji sankavalanso kabudula.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti a Nambewe sanawadule moni. M'mawa uliwonse ankadutsa pakhomo pawo, kugwada, n'kufunsa mmene achimwene adzukira. Akaphika chigwada chotendera ankawapatulira. Atsibweni ankayankha moni uja akuyang'ana pansi. Ine ndikuganiza kuti akanatukwanidwa zikanawapepukira.

Kalembera wa mavoti atafika, opanda chiphaso sankawalola ngakhale kuima pamzere. Tsiku la chisankho mudzi wonse unakhamukira ku sukulu, a Nambewe n'kutsala okha pakhonde akusenda mtedza. Pobwerako anandiitana, anagwira dzanja langa n'kuyang'anitsitsa chala chonyikidwa mu inki chija. Anafunsa ngati inkiyo imawawa. Ndinati ayi. Anati chabwino, anangofuna kudziwa, n'kupitiriza kusenda.

A Nambewe anamwalira mvula yoyamba itangogwa, chiphaso asanachione. Pa maliro a mlongo wake mwini mbumba sakumba, ntchito yake ndi kukaloza malo. Ine ndinaperekeza atsibweni kumanda m'mawa, pamodzi ndi adzukulu. Nthawi imeneyi mkulu wa adzukulu anali a Jelemiya, munthu amene atsibweni anamuphunzitsa okha ntchitoyo. Tsono mudziwe kuti pa maliro mdzukulu saimbidwa mlandu. Akhoza kugwira nkhuku ya mwini nyumba, akhoza kuseka anamfedwa, akhoza kunena chimene wina aliyense sanganene, ndipo palibe womuletsa.

Manda athu anagawika mwa mabanja, aliyense pafupi ndi mayi wake. Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi chulu, ndi kumene timaika alendo, monga matenanti a fodya amene anafera kuno abale awo osapezeka. Titangolowa, a Jelemiya ananyamula bango loyezera n'kulunjika ku chulu kuja. Anayamba kulemba pansi ndi khasu.

"Jelemiya, ukupita kuti?" anafunsa atsibweni.

"Kwa alendo, akuluakulu. Si paja munati simungalumbire?"

"Bwera nalo kuno bangolo."

"Pafupi ndi mayi anu? Ayi, ife timaopa. Mayi anuwo akatifunsa kuti mwandigonekera ndani pambalipa, tikayankha chiyani? Nenani pano tonse timve. Malemuwa anabadwira kuti?"

Adzukulu onse anatsamira makasu awo. Palibe anaseka. Kenako atsibweni anawerama, nkhalamba yonse ija, n'kukweza buluku mpaka pa bondo.

"M'nyumba ya mayi, ya kuseri kwa nkhokwe. Kunkagwa mvula. Mzamba ndinakaitana ndine. Ndi mlongo wanga, bere limodzi."

A Jelemiya anayang'ana chipseracho, anayang'ana atsibweni. "Tamva, akuluakulu. Kungoti mlembi uja kuno kulibe."

Anatenga bango n'kukaliyala pambali pa manda a agogo, ndipo anakumba. Atsibweni anakhala pa muzu wa mtengo, buluku lili chikwezere, misozi ikutsika osaipukuta. Ine ndinaima kumbuyo kwawo. Ndinkafuna kuwagwira phewa, ndinkafunanso kuchoka kuti anthu asandione nawo, ndipo sindinachite chilichonse mwa ziwirizi.

Maliro atatha atsibweni anachotsa mwana wawo m'dimba muja, nzimbe zisanakhwime, n'kulipereka kwa mlongo wanga. Mwanayo anakwiya n'kusamukira kwawo kwa mayi ake, ndipo sanayanjanenso bwinobwino. Pa benchi ya pa sukulu atsibweni sanakhaleponso. Chiphaso chawo anali nacho, chosatha ntchito, koma chisankho chotsatira sanapite. Nditawafunsa anati mwendo ukuwawa. Mlandu uliwonse wa m'banja ankautumiza kwa ine, amvekere iwo makutu anagontha.

Mkangano wa lamulo uja ukupitirirabe, ndipo anzanga akandifunsa mbali imene ndili ndimasowa chonena. Lamulo la khadi ndi limene linatsekera amayi aakulu kunja pa tsiku la chisankho, zimenezo n'zoona. Koma khadilo anawamana ndi munthu, mboni yodalirika kuposa onse m'dera lino, yodziwa zoona zake mpaka pa khungu. Amene akufuna mboni zibwerere ndimawamvetsa, amene akuzikana ndimawamvetsanso, ndipo pa onse awiri ndimangoona nkhope ya atsibweni itatembenukira ku bwalo la mpira.

Ku chipatala, tsiku lomaliza limene ankatha kulankhula, anandikoka malaya kuti ndiwerame.

"Ukamuuze Jelemiya. Ine akandiike ku chulu."

"Atsibweni, kumene kuja n'kwa alendo. Malo anu alipo, pafupi ndi agogo."

"Ndikudziwa kumene kuli malo anga. Manda aja ndayala ndine." Anapuma movutikira. "Ndikagone bwanji pafupi ndi awiri aja? Ndikawauze chiyani mayi?"

Ndinayesa kuwanyengerera. Ndinati a Nambewe anakhululuka, ankakupatsani moni tsiku lililonse. Anapukusa mutu n'kutseka maso. Nditafikitsa uthengawo, a Jelemiya sanafunse funso. Ena apabanja anakana, anati tichita manyazi pamaso pa anthu, mwini mbumba kugona ndi matenanti. Ndinawauza kuti manyaziwo tinachita kale, ndipo mawu a womwalira sitingawadumphe. Tinawaika ku chulu.

Sabata yathayi tinapita kukalambula kumanda. Pa mzere wa banja lathu pali agogo, pali a Nambewe, pali mayi anga. Kudzanja lamanja la agogo kwatsala malo a munthu mmodzi, osalala bwino, opanda muzu kapena mwala, amene aliyense ankadziwa kuti akudikira mwana woyamba. A Jelemiya anena kuti iwo ali moyo sadzakumbapo wina. Pamera udzu wanthete ndi chisoso, ndipo tinapalambula ngati mmene tinalambulira pena ponse. Mkamwini wina watsopano m'mudzi muno anaima n'kundifunsa kuti pamenepa pagona ndani, poti palibe mtumbira. Ndinamuuza kuti palibe. Anafunsanso kuti nanga mwini wake ali kuti, ndipo ndinamulozera ku chulu, kutsidya kwa manda onse a anthu a kuno.